Nsichi Ziwiri za Pakhomo pa a Nankhoma

Kalekale, m'mudzi mwathu muno, malata asanayambe kung'anima pa madenga a anthu, munali munthu wina dzina lake Kaphwiti. Sendera kuno iwe Yotamu, nkhaniyi ndi yako, poti ndiwe unanena masana aja kuti nyumba yakale ya pansi pa mkuyu ija tingoigwetsa. Ndinakumva. Makutu angawa ndi okalamba, koma sanagonthe.

Kaphwiti sanali mbadwa ya kuno ayi. Anali mkamwini wochokera kutsidya kwa Diamphwe, ndipo anadzakwatira Ndaziona, mwana wotsiriza wa a Nankhoma. Kanali kamunthu kakafupi, kamiyendo yowonda, koma manja ake, manja! Mtengo wokhota ukafika kwa Kaphwiti unkawongoka. Denga akafolera iye, mvula inkangotsetsereka n'kukavutitsa ena. Luso analidi nalo, ndipo ankadziwa kuti ali nalo. Koma anali ndi nthenda imene amisiri ambiri ali nayo: maso ake ankaona mitengo, osaona anthu.

Tsono apongozi akewo, a Nankhoma, ndiwo tsinde lathu tonsefe takhala panofe. Nkhondo zakale zija zitatha, anthu atatopa ndi kubisala m'mapanga a phiri lija, oyamba kutsika anali a Nankhoma ndi amuna awo a Mwasinja. Kuno kunali thengo lokhalokha. A Mwasinja anadula miwanga nazika nsichi, a Nankhoma akuponda dothi mwana ali kumsana. Nyumba yoyamba ya mudzi uno inali imeneyo, yozungulira, ya khonde lake, ya chitseko cha nsungwi. Otsala kuphiri ataona utsi ukufuka m'chigwa tsiku ndi tsiku, ndipo palibe amene waphedwa, nawonso analimba mtima n'kutsika. Ndipo m'nyumba imeneyo ndimo munkakhala chikuta. Mkazi aliyense wa mbumba ino nthawi yake ikakwana ankalowa m'menemo, kotero kuti kulira koyamba kwa ana onse a mudzi uno kunamveka pansi pa denga limenelo.

Koma nyumba imakalamba monga mwini wake. A Mwasinja anatsogola, a Nankhoma anatsala okha. Chiswe chinalowa pansi mwakachetechete n'kuyamba kudya nsichi kumatsinde. Nyumba inapendekera kum'mawa, denga linalowa m'kati mbali imodzi, ndipo mvula ikagwa a Nankhoma ankatchera miphika ndi zikho pansi ponse, mpaka kusowa poyala mphasa.

Tsiku lina Kaphwiti akudutsa kuseri anagwira nsichi imodzi naigwedeza. Inagwedera ngati dzino la mwana lofuna kuguluka. Anagwira ina, chimodzimodzi. Mantha anamugwira. Anati mumtima: nyumba iyi dzinja likudzali siilimaliza, idzawagwera apongozi ali m'kati.

Mantha akewo anali oona, ana inu, musamuseke msanga. Koma kodi anafunsa munthu? Anafunsa mkazi wake? Anafunsa a Kamundi, mlongo wawo wa a Nankhoma, amene anali nkhoswe ya ukwati wake? Sanafunse. Paja safunsa anadya phula. Iye anangonola nkhwangwa n'kulowa m'thengo. Chilimwe chikuyamba anamanga nyumba yatsopano, yekha, osapempha dzanja la munthu. Anthu ankayesa akumanga yake. Inali nyumba yokongola, makoma osalala, denga lometedwa bwino m'mphepete. Ataimaliza anaitana mkazi wake.

"Pita ukawauze amayi kuti nyumba iyi ndi yawo. Asamuke lero, mawa tigwetse yakaleyo isanapweteke munthu."

Ndaziona anamuyang'ana. "Inu, mwati tigwetse?"

"Ndati tigwetse."

"Mawuwo ndikanene momwemo?"

"Kanene momwemo. Nanga pali choipa?"

Kaphwiti anakhala pa chitsa akumwetulira, kudikira nthungululu.

Inu a masiku ano simungaone pamene panalakwika, tsono mvetsani. Pa mwambo wathu nyumba siinkagwetsedwa mwini wake ali moyo. Munthu akamwalira, maliro akatha, anthu akameta, ndi pamene ankagwetsa nyumba yake, kuti aliyense adziwe kuti wa pano wapita. Kodi Kaphwiti sankadziwa zimenezi? Ankadziwa! Kwawo kutsidya mwambo unali womwewo. Koma poyang'ana nyumba ya apongozi iye ankangoona nsichi zodyedwa ndi chiswe, mwini wake osamuona.

A Nankhoma atamva uthengawo sanakalipe. Sanatukwane, sanalire. Anatenga mphasa nayala pakhonde, nagona chagada, nadzifunda nsalu kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Mawu anatulukira m'nsalumo.

"Ndaziona, kaitane anthu. Ukawauze kuti Nankhoma wafa. Akamwini aona kale, ochedwa kudziwa ndife."

Tsiku limenelo sanadye. Mawa lake sanadye. Amayi a m'mudzi anabwera n'kukhala pakhondepo monga akhalira pa maliro, ena akuseka m'nsalu, ena akulira zenizeni, chifukwa ankawadziwa a Nankhoma: akati afa, akhoza kufadi. Nkhani inawanda kuti mkamwini wa kutsidya akufuna kuika apongozi ake ali moyo. Ena anati, paja mkamwini ndi mlamba, musiyeni aterereke abwerere kwawo. Ndaziona, amene pa nthawiyo anali woyembekezera, ankangoyenda pakati pa nyumba ziwirizo misozi ili m'maso.

A Kamundi anali munthu wanthabwala, wokonda fodya wa m'mphuno. Anamupeza Kaphwiti pansi pa mkuyu atazolika, nakhala pambali pake, nanunkhiza fodya wawo mosafulumira.

"Akamwini, ena amapha ndi mkondo, ena ndi mankhwala. Inu mwandiphera mlongo wanga ndi nyumba yatsopano. Zimenezi sindinazionepo."

"Ine ndimaopa mvula, atsibweni. Nyumba ija ikagwa, igwa ndi munthu."

"Mukunena zoona. Inu mukuopa kuti afa dzinja, iye akuopa kuti mwamuwerengera kale kwa akufa. Nonse mukuopa. Tsono titani?"

Manyazi anamukuta Kaphwiti. Anayang'ana nyumba yopendekera ija, anayang'ana nsalu yofundidwa pakhonde. Kenaka anati, "Kawauzeni kuti ndalakwa. Sindigwetsa. Ndiikonza ili chiimire."

A Kamundi anaseka mpaka kuyetsemula. "Mungasinthe miyendo ya munthu ali chiimire?"

"Umodziumodzi, ndingathe."

Uthenga unapita, ndipo yankho linatulukiranso m'nsalu muja. Denga lisakhudze pansi. Moto wanga usazime. Ine sindikagona kwina. Kaphwiti anavomera zonse. Pamenepo wakufa uja anavundukula nsalu, nakhala tsonga, napempha phala.

Kuvomera n'kosavuta, koma mukuiona ntchitoyo? Denga la nyumba yozungulira amalimangira pansi, anthu n'kulisenza kulikweza pa khoma. Pofuna kukonza khoma, nzeru ya mmisiri aliyense ndi yotsitsa denga kaye. Apa ayi, denga lisakhudze pansi. Kuwonjezera apo, Kaphwiti anali mkamwini. Mkamwini salowa m'nyumba ya apongozi. Salankhula nawo, sayang'anizana nawo. Akakumana m'njira, wina amapatukira kuthengo. Ndiye tangoganizani, kukonza nyumba imene sungalowemo, ya munthu amene sungamufunse kanthu, iye ali momwemo moto ukuyaka!

Choyamba chimene anachita chinali chomuwawa kuposa zonse: kupempha. Munthu amene anamanga nyumba yathunthu yekha anayenda khomo ndi khomo, akuwomba m'manja, kwa anthu omwe aja ankamunena. Ndaziona anafulula mowa, kunachitika dima. Amuna anazungulira nyumba n'kuika mapewa pansi pa denga mbali yopendekera ija, a Kamundi akuimbitsa nyimbo osasenza kanthu. Anakankha pamodzi, denga linadzuka pang'ono, Kaphwiti n'kulowetsa mitengo ya mphanda yochirikiza, uwu apa, uwu apo, mpaka nyumba yonse inazunguliridwa. Tsiku limenelo anaona ndi maso ake kuti mutu umodzi susenzadi denga.

Anthu atabalalika, inatsala ntchito ya pang'onopang'ono. Ankagumula dothi pa nsichi imodzi, kumasula luzi lakale, kukumba, kuzula yodyedwayo, kuzika muwanga watsopano, kutsindira dothi, kumangirira ku nsungwi zopingasa. Akatero Ndaziona ndi amayi anzake ankamata malowo dzuwa lisanalowe, kuti a Nankhoma asagone pamphepo. Mawa lake, nsichi ina. Mkuja wake, ina.

Tsono panali thadzi lofiira la a Nankhoma. Nkhuku ndi chiswe mukudziwa. Kaphwiti akangozula nsichi, chiswe chinkatuluka yakaliyakali, ndipo thadzi lija linkakhala lili pomwepo, kujompha pakati pa miyendo yake. Linazolowera kotero kuti likangomva khasu linkabwera chothamanga.

M'mawa wina Kaphwiti akumangirira nsichi, a Nankhoma anali mbali ina ya nyumba, khoma litawabisa, akusenda nandolo. Mwadzidzidzi Kaphwiti anamva mawu okweza, opitirira muyeso wolankhulira ndi nkhuku.

"Iwe thadzi iwe! Bwera kuno ndikuuze. Ukadzamanga nyumba yako, luzi usamangolinyowetsa m'madzi ngati ukutsuka ndiwo. A Mwasinja luzi la mombo ankalikwirira m'matope akuda a kudambo mpaka lide bii. Loterolo chiswe sichilifuna, ndipo likauma limagwira osataya. Koma ndikuuza iwe nkhuku, poti anthu ali ndi luso lawo."

Kaphwiti magazi anawira. Iye, Kaphwiti, wofolera madenga mbali zonse za Diamphwe, aphunzitsidwe kuviika luzi? Anayang'ana luzi lakale limene anali atangomasula: lakuda, lolimba, losadyedwa, pamene mtengo umene linkagwira unali utatha. Anatola nkhwangwa yake naiimika patsogolo pake.

"Nkhwangwa yanga, wamva? Nkhuku za kuno zimauzidwa zanzeru. Tiye kudambo."

Kuseri kwa khoma kunamveka kakuseka kotsekedwa ndi dzanja.

Kuyambira tsiku limenelo ntchito inayenda ndi anthu anayi: a Nankhoma, thadzi, Kaphwiti ndi nkhwangwa. Mwambo sunaswedwe. Ndani analankhula ndi mpongozi wake? Palibe! Wina ankalankhula ndi nkhuku yake, wina ndi nkhwangwa yake. Ngati mphepo inkanyamula mawuwo, mlandu ndi wa mphepo.

Ndipo musayese kuti nzeru zinkachokera mbali imodzi. Tsiku lina a Nankhoma anaona Kaphwiti atakoleza moto pabwalo akuwaula matsinde a nsichi zatsopano.

"Thadzi, taona zachilendo. Mitengo yabwinobwino akuiwotcha. Kapena nyumba yanga aimanga ya makala?"

"Nkhwangwa, kwathu kutsidya tsinde la nsichi timaliwaula lide, ndipo m'dzenje timathiramo phulusa. Chiswe chikafika pa makala chimabwerera."

"Hee, thadzi! Kani kutsidyako kuli nzeru? Ine ndimayesa kuli nsomba zokha."

Makoma atalimba anakwera padenga. Udzu wakale ankauchotsa chigawochigawo, chimene wachotsa m'mawa n'kuchifolera madzulo asanafike, kuyambira m'munsi kukwera, mtolo pamwamba pa mtolo. Atavundukula chigawo choyamba anapeza mapaso ali bii ndi mwaye, onyezimira ngati mphika wakale. Anadandaulira nkhwangwa kuti mitengo imeneyi yapsa ndi utsi, iyenera kuchoka yonse.

"Thadzi, ukapeza munthu wakuda usamati wapsa. Uyambe wagogoda."

Kaphwiti anagogoda phaso limodzi ndi msana wa nkhwangwa. Linalira ngwee! Anagogoda lina, ngwee! Panalibe ndi limodzi lomwe lofumbwa. Utsi wa moto wa a Nankhoma, umene sunazime chiyambire kutsika kuphiri, unali utakhwimitsa mitengo ija kotero kuti kachilombo sikankalowamo. Apo ndi pamene anamvetsa chifukwa chimene anati moto wanga usazime. Mapaso onse anawasiya m'malo mwake, anangosintha luzi ndi udzu.

Masiku akupita, nkhuku ija inayamba kuuzidwa ndi zina zosakhudza nyumba. Inauzidwa za njala ya kuphiri, za mwana woyamba wa a Nankhoma amene anatsala m'mapanga, za a Mwasinja amene ankaimba moipa koma osaleka. Nkhwangwa nayo inauzidwa zake. Inauzidwa kuti chikamwini n'chowawa, kuti munthu umakhala pakati pa anthu ambiri koma uli wekha, kuti Kaphwiti ankawasowa amayi ake. Tsiku limene ananena zimenezo masana ake Ndaziona anabwera ndi mbatata zootcha zochokera pa moto wa apongozi. Kunena zoona, awiriwa anayamba kukondana ngati mayi ndi mwana, nkhope asanaonane bwinobwino.

Kutentha kunafika pachimake, mitambo inayamba kusonkhana kumadzulo, mphepo inanunkha mvula. Nsichi zonse zinali zitasinthidwa kupatula imodzi, ya kudzanja lamanja la khomo. Kaphwiti atangoiyandikira ndi khasu, mawu anamveka m'nyumba, ndipo tsiku limenelo munalibe nthabwala.

"Thadzi, ya pakhomoyo asaikhudze munthu."

Kaphwiti anagwada n'kufukula pang'ono patsinde ndi chala. Kumtunda nsichiyo inali yolimba, koma pansi chala chinangolowa, m'kati muli dothi la chiswe lokhalokha. Tsono nsichi ya pakhomo si nsichi wamba. Pakhomo pali mpata, ndipo kulemera konse kwa denga la pampatapo kumatsamira pa iyo. Akadachotsa mitengo yochirikiza ija, denga likadatsikira pomwepo, pamene munthu amalowera ndi kutulukira.

"Nkhwangwa, nsichi iyi pansi yatha. Ikatsala, ntchito yonseyi tagwira pachabe."

A Nankhoma atayankha, mawu anali otsika.

"Thadzi, imeneyo ndiyo inayamba. A Mwasinja anaizika ndi manja awo, ine nditaigwira kuti iwongoke. Uta wawo unapita nawo, khasu lawo linatha, mawu awo ndayamba kuwaiwala. Chatsala ndi chimenecho. Ndikamalowa ndimawagwira, ndikamatuluka ndimawagwira. Akaizula, agwetse ndi nyumba yomwe."

Nanga mukanakhala inu mukanatani? Kuizula, mwapha nkhalamba ndi chisoni. Kuisiya, mwaipha ndi denga. Kumwamba mabingu anali atayamba kale kung'ung'udza.

A Kamundi anabwera ndi nzeru yawo. "Akamwini, mawa m'mawa mlongo wanga akupita ndi amayi anzake kudambo kukakumba mtsiro wozirira pansi. Akangochoka, zulani. Muikepo ina yofanana, muipake mwaye ndi mafuta a nsatsi. Maso ake ndi okalamba, sadzadziwa. Bodza lopulumutsa munthu mizimu siikwiya nalo."

M'mawa a Nankhoma anapitadi, dengu lili kumutu. Kaphwiti anafika ndi khasu, thadzi lili pambuyo. Anagumula dothi la m'mbali, anamasula luzi, nagwira nsichi ija kuti aigwedeze. Dzanja lake linagwera pamalo ena osalala, olowa m'kati pang'ono, pa msinkhu wa phewa la munthu wamfupi. Sanaseme ndi mmisiri malo amenewo. Linali dzanja la a Nankhoma, kulowa ndi kutuluka, kulowa ndi kutuluka, zaka zonse zija, mpaka muwanga, mtengo wouma ngati mwala, unavomera. Kaphwiti anaima dzanja lili pomwepo. Anati mumtima: maso awo ndi okalambadi, koma dzanja lawo silingapusitsidwe. Ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wake anayang'ana mtengo n'kuonamo munthu.

Sanaizule. Anakumba dzenje lina pambali pake penipeni, lakuya kuposa ena onse. Anasankha muwanga wowongoka koposa pa imene inatsala, nausema mbali imodzi ndi nsompho kuti ukumbatire nsichi yakale ija bwinobwino. Anauwaula tsinde, anathira phulusa, anauzika, anatsindira dothi mpaka thukuta kuchita kuyenderera. Mphanda yake anaisiya yotalikirapo pang'ono chabe kuposa ya nsichi yakale, kuti denga likatsika litsamire pa watsopanoyo. Atatero anatenga luzi lakuda lija namanga ziwirizo pamodzi, kumunsi ndi kumtunda, koma pamalo a dzanja paja anasiya poyera.

A Kamundi atafika n'kuona, anangogwira pakamwa. Anaitana amuna, ndipo mitengo yochirikiza ija anaichotsa umodziumodzi. Pochotsa wotsiriza, wa pakhomo, aliyense anabwerera m'mbuyo. Denga linalira kwee, linatsika pang'ono, linakhala pa mphanda yatsopano, n'kukhazikika. Silinasunthenso.

Dzuwa lili pamutu amayi anatulukira kuchokera kudambo. Kaphwiti, monga mwa mwambo, anathawira kuseri kwa nkhokwe. A Nankhoma anafika pakhomo naima. Anatula dengu. Anayang'ana nsichi ziwiri zitaima pamodzi, yakuda ndi yoyera. Anatambasula dzanja, ndipo linapeza malo ake omwe aja. Anaigwedeza. Siinagwedere.

Ana inu, a Nankhoma ankadziwa. Zaka zambiri nsichi ija inkagwedera m'dzanja lawo, iwo osauza munthu, akuigwira mopepuka kuti ingagwe. Tsiku limenelo anaitsamira ndi thupi lonse, mphumi ataigunditsa pamtengo, ndipo analira. Analira kulira kwa munthu amene wapeza chimene ankayesa kuti chatayika. A Kamundi fodya anali m'dzanja osanunkhiza.

Atapukuta misozi anawerama n'kugwira thadzi lija, limene linali kujompha pamapazi awo. Analinyamula ndi manja awiri, nalunjika kunkhokwe, anthu onse akuona. Anakhala pansi pafupi ndi pamene anabisala mkamwini.

"Bambo, tulukani. Nkhuku yatopa kunyamula mawu."

Kaphwiti anatuluka chokwawa, maso ali pansi, akuwomba m'manja.

"Dzutsani nkhope, ndikuoneni. Landirani nkhuku iyi. Kuyambira lero ndinu mwana wanga wobala ndekha, tizilankhulana pamaso. Tiyeni mulowe, mukaone m'kati mwa ntchito yanu."

Analowa. Munthu amene anagwira nsichi iliyonse ya nyumba imeneyo anali asanaonepo m'kati mwake. Anakhala pansi pafupi ndi moto uja, nayang'ana kumwamba, mapaso akuda onse akukumana pansonga, utsi ukukwera pakati pawo mosafulumira. Anangoti, "Amayi, a Mwasinja anali mmisiri." A Nankhoma anati, "Anali mmisiri. Koma ya pakhomo ija akadaizula."

A Kamundi anali atayamba kale kunola mpeni, ati nkhuku ya mkamwini siigonera. Kaphwiti anakana. Anati nkhoswe siiphedwa. Thadzi lija linafa ndi ukalamba, litaswa anapiye osawerengeka.

Mvula inagwa pasanapite masiku, yamphepo, yozula mitengo. Madenga ena m'mudzi anasasuka. A Nankhoma anatulutsa miphika yawo mwa chizolowezi kuti atchere madzi, nadikira, nadikira, osamva dontho. Anaibweza pamalo pake n'kugona tulo masanasana. Nyumba yatsopano ija, imene inayambitsa mlandu, analowamo Kaphwiti mwini ndi mkazi wake, ndipo chaka chotsatira anaimasula luzi lonse n'kumanga ndi lakuda, osauza munthu.

Dzinja lomwelo Ndaziona analowa chikuta m'nyumba yakale ija, monga analowera amayi onse a mbumba ino. Kunabadwa mwana wamkazi, ndipo a Nankhoma anamutcha Tikhalenawo. Ameneyo ndiye agogo awo a amayi anga. A Nankhoma anakhala mpaka kumuona Tikhalenawo atatha msinkhu, ndipo ataona kuti mphamvu zikutha anaitana anthu nati, "Nyumba iyi ndaipereka kwa mdzukulu wangayu, ine ndine mlendo wake." Kotero atamwalira, anthu atameta, panalibe chogwetsa, chifukwa mwini nyumba anali moyo. Tikhalenawo naye anachita chimodzimodzi, ndi omutsatira chimodzimodzi, mpaka amayi ako aakulu amene akukolezamo moto lero.

Udzu wasinthidwa kosawerengeka, nsichi zasinthidwa, dothi lamatidwa ndi manja a mibadwo. Koma ukapite mawa ukayang'ane kudzanja lamanja la khomo. Ukapeza kamtengo kakuda, kopepuka, kosafika n'komwe pansi, kakulendewera m'luzi pakati pa anzake. Sikasenza kanthu. Ukaike dzanja lako pamalo osalala paja, kenaka udzandiuzenso za kugwetsa.

N'chifukwa chake pa mbumba yathu ino chakale chikafooka sitithamangira kuzula. Timazika chatsopano pambali pake n'kumanga pamodzi, watsopano asenze katundu, wakale aime. Timatero ndi nyumba, timatero ndi anthu. Mwamva, ana inu?

Iwe Yotamu, luzi ndinalikwirira kale kudambo, lada tsopano. Mawa unole nkhwangwa. Ndipo ukadzaona ine ndayamba kugwedera, mphwanga, usadzandimangire nyumba yatsopano. Udzangoima pambali panga.